Zimbale Zanu Azivula Zikuto

Amayi,

Kumene mwapitako kukuyenda bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija yaleka kutupa, ndipo mukugona tulo tabwino kusiyana ndi tija ta kuchipatala. Kuno tilipo, tikudzuka.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkanena kuti wodwala uyambe wamufunsa za ana ake usanamuonetse jakisoni. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, wonenepa, wolira mokweza moti anthu a nyumba yoyandikana nayo akudandaula kale. Mzamba amene anamuthandiza akuti ntchito anaphunzira m'manja mwanu, ndipo atamva kuti ndi mdzukulu wanu anatuluka panja kukapukuta misozi. Mbatata ya kachewere takumba. Yachita bwino ngakhale chiwawu chinagwira mizere ya kumunsi. Denga la khitchini layambanso kudontha pakona pomwe paja, Yohane akuti akonza akamaliza zokolola.

Zabwino zathera pomwepa. Amayi, ndakwiya. Mukundidziwa, sindine munthu wokweza mawu, koma masiku ano ndikumapezeka ndikuyankhula ndekha pamsewu ngati ndikukangana ndi munthu.

Titakuikani m'manda tinagwirizana kuti katundu wanu adzagawidwe Loweruka la sabata yotsatira. Ine ndinabwerera ku Boma chifukwa ana a kalasi langa anali pa mayeso. Koma abale a ku Mozambique anati sangadikire, chimanga chawo chili m'munda. Ndiye malume Damiyano, mlongo wanu yemwe uja, anangoti tigawe lero lomwe. Foni ali nayo, nambala yanga akuidziwa, koma sanandiimbire.

Za zitenje, mapoto ndi mabulangeti ndilibe nazo mawu. Mwambo ndi womwewo, wachibale aliyense achoke ndi kanthu ka malemu m'manja. Koma anthu anachuluka kuposa katundu. Malume ataona mzere wa amene anali asanalandire, anati atulutse bokosi lija la pansi pa bedi lanu. Atayang'anamo anaona kuti zimbale zanu za galamafoni nazonso sizikwanira. Mukudziwa chimene anachita? Anasolola chimbale chilichonse m'chikuto chake. Uyu chimbale, uyu chikuto. Uyu chimbale, uyu chikuto. Akuti anthu anaomba m'manja kuyamikira nzeru za mwinimbumba, poti palibe amene anapita chimanjamanja.

Ndinamufunsa Yohane kuti nanga iye anali kuti. Akuti anayesa kulankhulapo, koma anamuuza kuti pamwambo mwana sayankhula. Mwana wake uti, bambo wa ndevu zake uja?

Anthu amenewa sakudziwa chimene anang'amba pakati. Kwa iwo ndi mbale zakuda ndi makatoni a zithunzi. Sakudziwa kuti munazigula chimodzichimodzi muli kusukulu ya unamwino ku Blantyre, ndiponso kuti munkasankha dala zija zophatikiza oimba ambirimbiri a chamba cha soul. Munkati chimbale cha woimba mmodzi chili ngati mlendo mmodzi wokhala sabata yonse, pomwe chophatikiza chili ngati wodi ya amayi: uyu akulira, uyu akuseka, uyo akuitana mwamuna wake amene anathawa, onse m'chipinda chimodzi.

Ndipo simunkalola singano kukhudza chimbale tisanawerenge za kuseri kwa chikuto. Loweruka masana inu mukusita yunifolomu, ine ndili pa kampando kaja, miyendo yosafika pansi, ndikuwerenga mokweza timalemba tating'onoting'ono tija. Ndikalakwitsa mawu simunkatembenuka n'komwe, munkangoti bwereza. Chingerezi changa chinachokera pamenepo, osati m'kalasi. Pamenepo ndinadziwa kuti woimba wa mawu okhuthala uja anayambira m'kwaya ya tchalitchi cha bambo ake, kuti winayo ankatsuka mbale m'hotela imene sankaloledwa kudyeramo chifukwa cha khungu lake, kuti nyimbo imene tinkaikonda tonse anaijambula woimbayo ali ndi chimfine, n'chifukwa chake mawu ake amasasa pomaliza. Mabuku onse amene ndawerenga chikulireni, ndinalowera pa makatoni amenewo.

Alembi a mawu a kuseri kwa zikuto aja munkatsutsana nawo ngati akhala pakhonde pathu. Wa pa chikuto chobiriwira analemba kuti mayi wina amaimba ngati mngelo. Munaika simbi pansi n'kunena kuti, “Ameneyu sanamvetsere. Uyu akuimba ngati munthu amene amutulutsira katundu panja.” Wa pa chija chotsekuka ngati buku, cha chithunzi cha siteshoni ya sitima, munkamutchula kuti Bambo Mawu Ambiri, chifukwa ankatha ndime yonse asananene kuti woimbayo ndani. Mmodzi yekha ndiye simunatsutsane naye, wa pa chikuto chofiira, chimbale cha oimba aakazi okhaokha. Analemba ndi mayi. Ndime yake yomaliza munkati ndiwerenge kawiri, ndipo ndikamaliza simbi inkakhala ikadali m'mwamba.

Sukulu itatsekera ndinayamba kuyenda kusonkhanitsa zimbale ndi zikuto zija. Ndinayambira ku Lizulu kwa mayi aang'ono Sofiya. Ndinawapeza pamsika kuseri kwa milu ya tomato, chikuto chobiriwira atachiika pamutu kutchinga dzuwa. Nkhope ya woimba uja inali ndi njere za tomato pamphumi. Atandiona anaseka. “Mwana wa achemwali, wabwera kudzagula kapena kudzalanda?” Ndinawauza kuti kudzalanda. Anati ndiwapezere kaye katoni ina yolimba chimodzimodzi, chifukwa za masiku ano zimafewa ndi thukuta lokha. Kenako anachipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kundipatsa, nandiikira ndi tomato m'jumbo. Pondiperekeza anandichenjeza kuti ndisakafike kwa malume ndi nkhope imene ndinabwera nayo.

Kwina sikunali kosekera. Msuweni wathu wa ku Nzama chimbale chake anachimangirira kunsungwi m'dimba kuti chiziopseza mbalame. Dzuwa lachipinda, chakhala ngati mbale ya ndiwo, sichidzaimbanso. Chikuto cha siteshoni ya sitima chinapita kwa apongozi ake a Yohane, telala uja, ndipo anachidula kukhala patani ya kolala. Anandionetsa monyadira kuti katoni yake siphwanyika m'mbali. Ndinagwira kachidutswako, ndikuona theka la chiganizo cha Bambo Mawu Ambiri, poyambira palibe, pothera palibe. Ndinathokoza chifukwa cha tiyi n'kutuluka msanga, kuopa kuti pakamwa panga pangatuluke zimene simunandiphunzitse.

Ena anabweza ndi mtima woyera. Ena anabweza atatembenukira kumbali, osandiperekeza. Mayi wina anandifunsa ngati ndidzabwerenso kudzatenga chitenje chimene analandira. Posakhalitsa mbiri inafika kwa malume kuti Felista akuyenda khomo ndi khomo kulanda magawo a maliro, ndipo anandiitanitsa.

Ndinapita masana, nkhope ija sindinaisinthe. Pofika apo n'kuti chimbale cha oimba aakazi chili kale kwa ine, chifukwa chinagwera Yohane ndipo anandipatsa osafunsa. Chikuto chake chokha ndi chimene palibe amene ankafuna kundiuza kumene chinapita. Nditangolowa pabalaza pa malume ndinachiona. Chili pakhoma, pakati pa kalendala ndi mtanda. Sanachikhomere ndi msomali ayi, Amayi. Anachimata ndi phala, chithunzi kuyang'ana kuno, malemba onse kukhoma.

Anayamba ndi kundilangiza. Anati gawo la maliro si mphatso wamba, ndi chizindikiro chakuti wolandirayo ndi wa magazi amodzi ndi malemu, ndipo ukamulanda ndiye kuti wamuuza kuti si m'bale. Anati anthu akudandaula, ena akuti pa chiliza sadzabwera. Ndinadikira amalize, monga munandilelera. Kenako ndinati, “Malume, mukanapatsa munthu chimbale ndi chikuto chake, ine ndikanakhala chete. Koma inu mwapatsa wina nsapato ya kumanzere, wina ya kumanja, n'kumati mwagawa bwino.”

Anati palibe amene anadandaula patsikulo. Ndinati amene akanadandaula sanamuimbire foni. Apo anasisita bondo. Kenako anati, “Iwe Felista, mayi ako anali mlongo wanga iwe usanabadwe. Ukufuna umutenge yense wekha?”

Funso limenelo linandikwiyitsa kwambiri. Analoza chithunzicho, mayi uja wa tsitsi lalikulu lozungulira ndi ndolo zazitali, n'kunena kuti ndi mmene munkaonekera chaka chimene munabwera kuchokera ku Blantyre, mutatsika basi ndi sutikesi, anthu a m'mudzi akutuluka m'nyumba kudzakuonani. Akuti chithunzi chanu cha nthawi imeneyo alibe. Akuti chikutocho anadzisankhira yekha asanayambe kugawa. Zakuti kuseri kuli malemba akuti anaona, koma anayesa ndi zija amalemba akufakitale.

Atatuluka kukathamangitsa mbuzi zimene zinalowa m'khitchini, ndinaimirira n'kuyesa kona imodzi ndi chikhadabo. Katoni inayamba kusendeka, koma pepala la malemba linatsalira kukhoma, likung'ambika. Phala lagwira zolimba. Ndikakoka ndiye kuti ndiwononga zonse ziwiri, mawu ndi nkhope yomwe. Ndinabwezeretsa konayo ndi chala.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa kukumbukira zimene mayi uja analemba. Poyambira ndikukumbuka: ankanena za wailesi ya kukhitchini kwa amayi ake, ndi mmene amayi akewo ankachepetsera moto kuti amve bwino. Pakati ndikukumbuka apo ndi apo, za woimba amene ankapita kojambulira nyimbo ndi mwana wake poti analibe womusiyira. Koma ndime yomaliza ija, imene ndinakuwerengerani kawirikawiri zaka zonse zija, yandithawa. Ndimamva kayendedwe kake m'mutu, mawu ake osabwera. Ndafunsa anzanga a ku Lilongwe odziwa za nyimbo zakale, palibe amene anachionapo chimbale chimenechi. Mawuwo alipo, ali pabalaza pa malume, ayang'ana njerwa.

Nanunso, Amayi, ndili nanu mawu. Munadziwa kuti mukupita. Munatiuza yunifolomu ya kutchalitchi yoti tikuvekeni, nyimbo zoti akwaya aimbe, ndi woti atenge makina osokera. Munakumbukira ngakhale zakuti nkhuku ya mawanga ndi ya mayi aang'ono. Koma za bokosi la pansi pa bedi simunanenepo kanthu. Mawu amodzi okha akanakwanira, malume sakanawaphwanya. Kapena munkaganiza kuti n'zodziwikiratu. Kwa ine ndi inu zinali zodziwikiratu, koma m'nyumba muja patsikulo munalibe inu, munalibe ine.

Zimene ndasonkhanitsa ndazipukuta n'kuziika m'bokosi momwe muja. Zina zapezana ndi zikuto zake, zina zili zokha, ndazikulunga m'mapepala. Zimene zinawoloka kupita ku Mozambique ndazisiya, sinditsatira. Osati poti mtima watsika, koma sindikufuna kuti pa chiliza chanu padzakhale mipando yopanda anthu chifukwa cha ine. Galamafoni yanu inatsala pakona chifukwa onse ankayesa inafa. Sinafe. Ndaigulira mabatire, ndapukuta singano, ikuimba.

Chikuto chofiira sindichimatula, ndipo malume sangachipereke. Ndiye ndaganiza chonchi. Lamulungu tikaweruka ku Misa ndimanga galamafoni pa kabaza, chimbale ndichifungatira pachifuwa, ulendo kwa malume. Ndikaiika patebulo pansi pa khoma lomwelo, kuti chimbale ndi chikuto chake zikhale m'chipinda chimodzi. Akakhala pampando n'kumvetsera mbali zonse ziwiri, nyimbo ndi nyimbo, ndipo pa iliyonse ndikawauza amene akuimba ndi kumene anachokera, mpaka pamene ndikukumbukira. Mbuzi zikalowanso m'khitchini zikadye, iwo sakadzuka. Sindikupita kukapepesa, ndipo sindikuyembekeza kuti iwo apepesa. Ndikufuna adziwe chimene anagawa pakati. Zimenezi ndakulonjezani.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero cholembera chikuboola pepala.

Ndine mwana wanu,
Felista