Tchizi Chimene Sindinabe

Lachitatu, mwezi wa Julayi. Kuno ku South C, dera la mumzinda wa m'dziko la eni, kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli bwino.

Jailosi, khukhi wa mzungu ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndiye anandinamizira kuti ndaba tchizi m'filiji. Ine ndinali wochapa zovala chabe. Amene anadya ndi iyeyo, wochotsedwa ntchito ndine. Mkazi wanga anamwalira anthu akumutchulabe mkazi wa wakuba. Chichokereni kumeneko sindinaikepo tchizi m'kamwa.

Lero mwana wanga Esnati, amene akundisunga kuno, wabwera nacho kuchokera kuntchito kwake ku Upper Hill, mumzinda momwe muno, cha mitundu itatu. Akuti, "Abambo, mufa osadziwa chimene anakuchotserani ntchito? Talawani."

Ndalawa. Choyera chofewa chija n'chambiko chabe. Cha madontho obiriwira chikununkha ngati sokosi. Koma chachikasu cholimba, atachisungunulira pa mbatata yootcha, ndapempha china. N'chokoma, ndipo n'zimene zandiwawa. Kukoma konseku anamva Jailosi, ine n'kusenza manyazi ake.

Ndimamva kuti Jailosi akadali moyo ku Luchenza. Ndisanafe, Esnati amuimbire foni, iyeyo anene ndi pakamwa pake ana anga akumva: "Tchizi chija ndinadya ndine."