Simu Imene Ndinabisa Pansi pa Kolona Yanu

Amayi anga, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno ndilipo. Kalatayi yanditengera masiku atatu, chifukwa ndikalakwitsa chilembo ndimayambanso pepala lina, monga mukundidziwira.

Ndiyambe ndi zabwino. Alamu anga, akazi a achimwene a Patiriki, anachira mu Febuluwale. Ndi mwana wamkazi ndipo anamupatsa dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kumpopi. Azakhali ku Katete anakolola bwino chaka chino, anatitumizira thumba la chimanga ndi nshawa pang'ono pa basi. Mpapaya munabzala kuseli uja unagwa ndi mvula. Denga likudonthabe pamene panali bedi lanu, ndimaikapo beseni.

Lusiya wanga wakwanitsa zaka zinayi. Munamusiya akuyenda chogwira khoma, tsopano amathamanga. Koma Amayi, apa ndi pamene pali mantha anga. Anamuyeza magazi ku kiliniki ndipo anapeza ledi wambiri, poizoni uja wa m'dothi la kumugodi. Sadya bwino, ndipo mawu ake ndi ochepa kusiyana ndi anzake. Anesi anandipatsa mankhwala, nati asamasewere pa dothi. Ndinangoti inde. Nanga ku Kasanda kuno, pamene palibe dothi ndi pati? Ndimawaza madzi ndisanasese monga munkachitira inu, ndimamusambitsa m'manja mpaka amalira, koma ndikangotembenuka kukazinga vitumbuwa ndimamupeza akuphikira chidole chake nshima ya dothi.

Ku Ngungu, kutali ndi mugodi, kuli chipinda cha lendi. Mwini wake ndi Banachanda, aja munkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Bwalo lawo ndi la simenti. Anati andisungira mpaka kutha kwa Julaye, chifukwa cha inu, koma akufuna lendi ya miyezi itatu pamodzi. Ndiyeneranso kupeza tebulo pamsika wa kumeneko. Ndikufuna tichoke mphepo ya Ogasiti isanayambe, ija imabweretsa fumbi mpaka m'mbale. Ndiye ndinapita m'tauni ku ofesi ina yobwereketsa ndalama kwa azimayi amalonda.

Ndisanapitirize, pali chimene ndinakubisirani, ndipo ndicho chandilembetsa.

Mukukumbuka kuchipatala, Lachitatu lija munandigwira dzanja? Munati, "Veronika, ukagona ndi njala ugone, koma ndalama ya mwini isagone m'nyumba mwako." Munkanena zimenezi kuyambira kale, chifukwa cha mmene a kaloba, akatapila aja, anatengera wailesi ndi mipando ya atate. Munandilonjezetsa ndipo ndinalonjeza. Koma tsiku limenelo ndinali nditabwereka kale. Mankhwala aja anatiuza kuti tikagule tokha, ndi takisi ija munakwera, sizinachokere ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama lija, monga ndinakuuzirani. Ndinabwereka K600 pa foni. Ndinangodina manambala, ndalama n'kubwera.

Maliro atatha, mameseji ofuna ndalama ija anayamba. Foni ikalira sindinkayankha. Ndinalibe ngakhale ya malasha. Tsiku lina ndinachotsa simu m'foni muja, ndinaikulunga m'kapepala, n'kuiika m'chitini chanu cha tiyi pansi pa kolona. Ndinagula simu ina. Ine ndinkaganiza kuti nkongole imakhala m'kati mwa simu, ndipo ikakhala m'chitini siingandione. Musandiseke. Ndinakhala choncho pafupifupi zaka ziwiri, ndipo nthawi yonseyo sindinapemphere ndi kolona yanu chifukwa choopa kutsegula chitini.

Ku ofesi kuja kunali mtsikana wamagalasi. Anandipempha reji yanga, chitupa cha boma chija, nalemba nambala yake pa kompyuta. Kenako anati, "Asisi, dzina lanu lili pa mndandanda wa osabweza." Sanakuwe ayi, koma azimayi a pabenchi anamva. Ine ndinayang'ana kukhomo kuona ngati apolisi akubwera. Iye anandifotokozera kuti nkongole siitsata simu, imatsata nambala ya reji, ndipo kuli malo amodzi kumene onse obwereketsa amaona mbiri ya munthu. Ndinatuluka osatsanzika. Ndinayenda pansi mpaka kunyumba, ndalama ya basi ili m'manja, nditaiwala kuti ndili nayo.

Amene anandithandiza ndi Ba Mwape, mayi wa pa kabuthu, kanyumba ka ndalama za pa foni, pafupi ndi pokwerera mabasi. Amalankhula Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja ndipo saopa munthu. Nditawaonetsa simu ija anati, "Mwaiche, mng'ono wanga, iyi inafa kalekale. Koma nkongole yako ili moyo, ikudya bwino, yanenepa." Zinalidi choncho. Ku ofesi ya mafoni anandiuza kuti ndi zilango zake yafika K940.

Ndinagulitsa njinga ya atate. Pepani, ndikudziwa munkaisunga ngakhale inalibe tcheni. Zotsalazo ndinalipira ndi vitumbuwa, pang'onopang'ono, miyezi itatu, ndipo lisiti lililonse ndinalimata m'kabuku. Tsiku lomaliza anandipatsa kalata ya chidindo yonena kuti ndamaliza. Ndinaikulunga m'pulasitiki ziwiri. Madzulo amenewo ndinatulutsa kolona yanu n'kupemphera nayo koyamba.

Ndinkayesa kuti zatha. Ndinabwerera kwa mtsikana wamagalasi uja nditavala chitenge chanu cha kutchalitchi. Anawerenga kalata, nayang'ana pa kompyuta, nati, "Zikuoneka kuti munalipira, mwachita bwino. Koma mamakisi anu akadali pansi." Amayi, kodi inu munkadziwa kuti dzina la munthu lili ndi mamakisi ngati a mayeso? Ine mamakisi ndinasiyana nawo mu giredi seveni, pamene ndinafunafuna nambala yanga pakhoma la sukulu osaipeza. Ndinamva chimodzimodzi.

Ndinafunsa motsitsa mawu kuti ndichite chiyani. Anati ndizibwereka zing'onozing'ono pa foni n'kumabweza tsiku lisanakwane, kangapo, kenako ndibwerenso. Ndinati sindingathe, ndinalonjeza amayi anga. Sanandiseke. Anavula magalasi nati, "Asisi, makinawa amayi anu sawadziwa. Chimene akukumbukira za inu ndi chimodzi chokha, kuti munathawa. Apatseni china choti akumbukire."

Ndinakhala sabata yonse osachita kanthu. Kenako Lusiya anasanza m'mawa wina, ndipo ndinapita kwa Ba Mwape. Ndinalakwitsa nambala yachinsinsi kawiri. Ndinabwereka K50. Meseji italowa, ndisanachoke pawindo, ndinaibweza yonse ndi chiwongoladzanja chake. Ba Mwape anaseka mpaka anagwira tebulo. "Iwe Vero, wabwereka kapena wangoipatsa moni? Ilekeko igone kwa iwe masiku angapo, akuone kuti ndiwe munthu."

Ndiye zimene ndimachita tsopano ndi izi. Ndimabwereka, ndimaitapa kwa Ba Mwape, ndimapita nayo kunyumba n'kuiika m'chitini chanu pansi pa kolona, pamene panali simu paja. Sindigulira ngakhale mchere. M'mawa uliwonse ndimaiwerenga. Tsiku lobweza ndimalilemba pakhoma ndi khala. Likayandikira ndimaonjezerapo ya chiwongoladzanja kuchokera ku vitumbuwa n'kukaibweza. Achimwene akuti ndapenga, kulipira ndalama imene ingogona m'chitini. Mwina akunena zoona. Koma chimene chimandiwawa si chimenecho. N'chakuti ndalama ya mwini ikugona m'nyumba mwanu, ndipo ndaiika ndi manja anga pansi pa kolona yanu.

Ulendo wachitatu ndinachedwa. Lusiya anali ndi tsiku la kukiliniki, ndiye ndinapita kukabweza pa tsiku lenileni lomaliza. Ndinapeza netiweki palibe. Ba Mwape anayesa, anazimitsa foni, anayatsanso, osatheka. Ndinaima pamenepo kuyambira m'mawa, mwana kumsana, vitumbuwa vikuzizira m'ndowa. Anthu ankabwera n'kubwerera, ine osasuntha. Ndinkangoona dzina langa likutsika. Ba Mwape anandipatsa mpando wawo nati, "Khala pansi, ungagwe ndi mwana. Ikabwera, woyamba ndiwe." Inabwera cha m'ma folo koloko. Meseji yoti ndabweza ndinaiwerenga kasanu, kenako ndinapita kuseli kwa kabuthu kukalira kumene anthu sangandione. Kuyambira pamenepo ndimabweza kutatsala masiku awiri.

Tsopano ndili pa ulendo wachisanu. M'chitini muli K200, ndikaibweza Lachitatu. Lolemba likudzali ndidzapita kwa mtsikana wamagalasi kukamva mamakisi. Sanandilonjeze chilichonse, anangoti tidzaona. Dzulo pambuyo pa Misa Banachanda anandikokera pambali nati pali mphunzitsi wina akufuna chipinda chija, ali ndi ndalama m'manja. Anati, "Mwana wa mnzanga, Julaye akatha usadzandide." Kamphepo kayamba kale madzulo. Ndikapukuta pawindo nsalu imada.

Ku ofesi kuja akandikana, sindikudziwa kumene ndidzamubise Lusiya. Akandivomera ndikuopanso, chifukwa idzakhala K3,000, ndipo imeneyo siidzagona m'chitini. Idzapita kwa Banachanda ndi kumsika, ndipo ndidzaibweza ndi mafuta ndi fulawa basi. Mbali zonse ziwiri mtima suli m'malo.

Ndiye ndikupempha, Amayi, mundimasule ku lonjezo lija. Ndinalithyola ndisanalinene n'komwe, ndipo ndalithyolanso kasanu. Ndaganiza kwambiri, ndipo ndikuona kuti chimene chinaipitsa dzina langa si K600 ya mankhwala anu. Imeneyo ndingaibwerekenso lero mutakhala kuti mukutsokomola m'chipinda umo. Chinaipitsa ndi kubisala. Inu simunabisalirepo munthu. A kaloba atabwera kudzanyamula mipando munawatsegulira chitseko nokha n'kuwauza kuti asakande khoma.

Simu yakufa ija ndikadali nayo. Tsiku la Mizimu ya Okhulupirika tikadzabwera kudzalambula pamanda panu ndidzabwera nayo kuti muione kuchepa kwake, kanthu kamene kanandiopseza zaka ziwiri. Ndidzabweranso ndi Lusiya, ndipo ndikupemphera kuti tidzachokere ku Ngungu, mapazi ake ali oyera.

Lolemba cha m'ma naini koloko mundikumbukire. Ndidzakhala pabenchi lija, reji ndi kalata ya chidindo zili m'pulasitiki, kolona yanu m'thumba. Lonjezo langa latsopano ndi laling'ono, koma ili ndidzalisunga: kaya mamakisi akwere kaya asakwere, foni ikalira ndidzayankha.

Ndimakukondani, ndipo ndikusowani tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Veronika