Chithunzi cha Mwendo wa Amalume Ako

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Landira moni wa kuno ku Madzimoyo. Ine ndi amayi ako tili bwino, kachifuwa chabe. Kaya iwe ku Joniko?

Mwendo wa amalume ako, a Tembo, watupa ngati mtondo. Ku Chipata anawajambula ekisire, chithunzi chinangoonetsa mafupa abwinobwino. Ndiye akazi awo anaimirira pamsonkhano wa Mphakati nkunena kuti, "Makina sanaone kanthu. Funsani alamu athuwa, ndiwo tinakangana nawo malire a munda." Ine, wonyamula mtanda Lachisanu Loyera, lero ndasanduka mfiti!

Unatiuza kuti ntchito yako nkuphunzitsa kompyuta ya m'chipatala kujambula mitsempha ya magazi, ija ekisire siiona. Sukulu sindinapondeko, koma ndinamva. Adokotala akuti mwina magazi anaundana mumtsempha. Uwaitanitse amalume ako, ng'ombe ya ulendo ndigulitsa ine. Si chifundo ayi. Ndikufuna chithunzicho, mtsempha wotsekekawo uonekere poyera, ndikachikhome pachitseko cha tchalitchi, mayi uja azichiona Lamulungu lililonse.

Muwachiritse ndithu. Ndikufuna adzabwere kudzandipepesa ndi miyendo yawo.

Mulungu akusunge.

Ine bambo ako,
Gabirieli Phiri