Msodzi A

Kafue,
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Chindikani,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino ku Chipata. Kuno mphepo yatiumitsa milomo, koma tikudzuka.

Pepala langa la ku yunivesite lija, lonena za asodzi a ku Chanyanya, latha. Chatsala ndi mawu a m'munsi, timizere tija timalemba pansi pa tsamba kuonetsa amene anatiuza nkhani, ndiponso mndandanda wa mabuku kumapeto. Pamenepa ndi pamene pandiimitsa mutu.

Mukudziwa kuti theka la pepalali ndi mawu a atate. Ndinawajambula pafoni asanadwale, akusoka ukonde, akufotokoza mmene ankaphera nsomba miyezi yoletsedwa kuti ife tisasiye sukulu. Atamaliza kufotokoza, foni ikadajambulabe, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe Audrey, dzina langa osalemba. Boma siiwala." Choncho pansi pa tsamba lililonse ndinalemba kuti "Msodzi A, Chanyanya."

Dzulo aphunzitsi anga, a Dokota Jesse, anandifunsa m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka kuti, "Manje uyu Msodzi A ni ndani? Aziba maningi. Ngati anavomela, mulembe zina lake." Zoona ankadziwa zambiri, koma ndinangoti anamwalira.

Pamndandanda pali azungu amene sanapondepo matope a Kafue, aliyense dzina lonse ndi chaka chake, atandandalikana bwinobwino ngati ana a sukulu pamzere. Atate mulibemo. Zimandiwawa, achimwene.

Kuti nditsimikize mawu awo, ndimayenera kumvetseranso zojambula zija. Amatsokomola, amaseka, penanso amandiitana kuti ndiwapatsire singano, ine n'kutembenuka masana dzuwa likuswa mtengo. Lachiwiri sabata yatha m'minibasi yopita ku Lusaka ndinawayankha mokweza kuti "Wawa," anthu n'kundiyang'ana. Ndikafika pamene akuti osalemba, ndimazimitsa, koma mawuwo sazima. Ndayesa kulemba dzina lawo, chala chikumakana. Ndikasiya "Msodzi A," ndimamva ngati ndikuwaika m'manda kachiwiri.

Inu ndinu wamkulu. Kodi lonjezo limatha munthu akapita, kapena m'pamene limalimba? Pepala ndipereka Lachisanu likubwerali. Mukapanda kuyankha, ndisiya mmene ananenera eni ake.

Moni kwa alamu ndi ana. Kamwana kanu kaja munakatcha Lastone, dzina la atate, mukapsompsone m'malo mwanga, ndipo muzikaitana mokweza, popeza kuno ine dzinalo sindiloledwa kulilemba m'pepala langa.

Ndine mlongo wanu,
Audrey,
mwana wa Msodzi A