Dzina la Asiyatu Pakhoma la Sukulu

Lachiwiri, ku Rockville, kuno kutsidya kwa nyanja. Lero mtima wandilemera tsiku lonse.

Pepa buku iwe, ndabwera ndi madandaulo. Kusukulu yakale ya Asiyatu akusankha osewera basiketibolo oti mayina awo alembedwe pakhoma la ulemu. Mwana wanga anasewera zaka ziwiri zokha, bondo n'kuthyoka. Ena akuti zaka ziwiri n'zochepa.

Mayi wina wa m'komiti yosankhayo anandiimbira ndili m'basi, kufunsa kuti Asiyatu anali wosewera wotani. Ndinayankha monga timayankhira kwathu: "Ankangoyesako, mayi. Anzake ndiwo ankamuthandiza." Munthu sutama mwana wako kwa alendo. Mayiyo anati walemba.

Asiyatu atamva anagwira mutu. "Amayi inu! Kuno mukanena kuti ankangoyesa, amakhulupirira!"

Chonsecho m'kabati muli envulopu yodzaza nkhani zake zomwe ndinkadula m'nyuzipepala, zosanjidwa potsata masiku. Sindinatchuleko ngakhale imodzi. Bondo linamulanda mpira, ine ndamulanda khoma.

Mayi uja ndamusiyira uthenga kawiri, kupempha kuti andiyankhe lisanafike Lachisanu, tsiku losankha. Foni sinalire. Ngakhale aimbe, kaya pakamwa panga padzalola kunena kuti mwana wanga analibe mnzake pa mpira...