Dzanja lachitatu pamimba panga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako ndi wa kamdzukulu kanga kamene ndimangokamvera kwa anthu. Ngati nonse muli bwino, tithokoze Mulungu. Ine umandidziwa, sindizungulira: kuno sindili bwino.

Mimba yatupa. Thalauzi sikumangika, ndikumangira chingwe. Ndapirira miyezi iwiri, koma Lolemba nditalephera kuwerama pansi pa sinki ya kasitomala, ndinasiya sipanala pomwepo n'kupita kuchipatala.

Namwino anandigoneka chagada, nati ndipinde mawondo. Ndiye anangoima n'kumandiyang'ana pamimba ngati akufuna kugula mbuzi. Kenako anaika kachitsulo kozizira kaja n'kumamvetsera matumbo. Pogwira anayambira kumanzere, chikhalirecho ndamuuza kuti ululu uli kumanja, pansi pa nthiti. Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati kusukulu kwawo sawaphunzitsa kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Iye anangoseka, nati akayambira popweteka ndiumitsa mimba ndipo sapeza kanthu. Anatinso odwala apakamwa ngati ine amawakonda, chifukwa sabisa pomwe pakuwawa.

Atayamba kugogoda ndi zala ndinatseka pakamwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugogoda mathanki, popanda wondiphunzitsa, ndipo ndimadziwa pamene madzi alekeza. Pamchombo panalira ngati mgolo wopanda kanthu. M'mbali munangoti di, di. Ndinamuuza ndekha kuti amenewo ndi madzi. Sanatsutse. Anati ndikoke mpweya kwambiri, zala zake zili pansi pa nthiti, ndipo anapeza chiwindi chouma gwa. Anafunsa za mowa. Kwa iye sindinakane zomwe ndinkakana kwa iwe.

Tsono nkhani ndi iyi. Anati akufuna dzanja lachitatu loti likanikize pakati pa mimba, iye akumenya mbali imodzi n'kumamva inayo. Anasuzumira pakhomo n'kufunsa amene wabwera ndi bambo a mapaipi. Pabenchi panali podzaza, aliyense ndi womuperekeza, wina wamunyamulira juzi, wina botolo la madzi. Palibe anayankha. Anafunsanso kachiwiri. Zii.

Anabwerera, natenga dzanja langa lomwe n'kuliika pamenepo, nati zimathekanso choncho. Madzi anagwedezeka ngati m'ndowa. Atamaliza ndinatembenukira kukhoma, ndipo iye ananamizira kulemba mpaka nditapukuta m'maso.

Tsiku lija unakhuthulira mabotolo anga m'sinki, ndinakuuza kuti usadzapondenso pakhomo panga. Wandimvera zaka zinayi. Uli mwana sunandimverepo chonchi. Ndinkadzitama kuti ine ndimanena chilungamo, koma tsikulo wonena chilungamo unali iwe. Ndinalakwa. Ndalemba ndi dzanja langa, werenganso ngati sukukhulupirira.

Lachinayi la sabata yamawa andigoneka kuti akhetse madziwo ndi kujambula chiwindi. Papepala lawo pali mzere wolembapo wachibale. Ndangousiya. Dzina ndikulidziwa, ndinakupatsa ndine, koma sindingalilembe usanavomere.

Bwera, mwanawe. Ukafuna undikalipire njira yonse, ndikhala chete. Ndikungofuna kuti namwinoyo akadzasuzumiranso pakhomo, wina adzati ndine.

Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo kamwanako ukauze kuti agogo ake alipo. Mulungu akusungeni nonse. Kiyi ali pansi pa njerwa yomwe ija. Loko sindinasinthe.

Ndine bambo ako,
wouma mutu uja