Chiboolero cha Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Chifuwa chija chinakuleka, kapena ukadali kumwa madzi a m'firiji ngati mwana wosamva? Ife kuno tikudzuka bwino. Alamu ako ali pamsewu ndi lole yawo monga mwa masiku onse, ine ndili pamakina, kusoka mayunifolomu mpaka msana kuuma.

Khala pansi kaye, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi ya bambo. Usadzidzimuke, sikuti adwalanso ayi.

Ukukumbuka tsiku lija ndinakulirira pa foni? Ndinakuuza kuti ndatopa, kuti chigwereni sitiroko bambo amangokhala pampando kuyang'ana khoma, chakudya kumangochitosatosa, ukawafunsa kanthu n'kumangogwedeza mutu. Ndinakupempha kuti udzawatenge akakhale kwanu. Iwe unavomera, unakonza chipinda, n'kunena kuti kumapeto kwa mwezi uno ubwereka galimoto. Tinapangana kuti tisawauze mpaka tsikulo litafika. Usanapite kukabwereka galimotoyo, tamva zimene zachitika m'nyumba muno.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina alamu ako anabwera ndi pulinta yakufa imene anaitola pa ofesi ina kumene anakatula katundu. Ankafuna kukaigulitsa kwa wa zitsulo zakutha, ndiye anangoiponya pakhonde, pafupi ndi mpando wa bambo. Mmawa wonse bambo sanayang'ane khoma, ankayang'ana pulintayo. Pofika masana, ine ndili kalikiliki ndi kolala, ndinamva mawu amene ndinali nditayamba kuwaiwala. Bambo akuti ndiwapatsire sikuludiraiva, ya nyenyezi osati yafulati.

Mlongo wanga, ndinathamanga ngati ndatumidwa ndi mfumu. Ndinawatulutsira bokosi lawo lonse la zida, lija anabwera nalo atatseka kashopu kawo kokonzera mawailesi. Pulinta ija anaipana ndi mawondo n'kuyamba kuisenda ndi dzanja limodzi. Dzuwa lisanapendeke anali atatulutsa kamota kokwana m'chikhatho, akukapukuta pa malaya amene ndinali nditangowasitira.

Anandiuza kuti akufuna ayambirenso kupanga timabolodi. Paja ukutidziwa, timabolodi ta kopa tija ankajambulapo tinjira ta magetsi n'kutiviika m'mankhwala, iwe n'kumatiba kukaseweretsa. Kujambula akuti akutha, dzanja lamanja lidakali lawo. Chowavuta ndi timabowo tolowetsamo timiyendo ta zipangizo, tating'ono ngati diso la singano. Kale dzanja lina linkagwira bolodi, lina n'kumapota chiboolero. Tsopano lamanzere limanjenjemera, likati ligwire pano limagwira apo. Ndiye anati apanga chiboolero chimene sichisamala za kunjenjemerako.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chokhala ndi sikuluwu chinali pangozi m'nyumba muno. Anazula njanji ya dilowa ya masupuni, moti pano ukaikoka mwamphamvu masupuni onse amakugwera kumapazi. Ambulera yanga yabwinobwino anaiweruza kuti ndi yakutha, n'kuichotsa sipuling'i. M'pulagi yakale anatulutsamo kachitsulo ka mkuwa ka tisikuluwu tiwiri, kuti kazigwira nsonga yoboolera. Chaja ya laputopu ija unaisiya kuno, usadzaifunse, inapeza ntchito. Alamu ako ataona mmene bambo ankayang'anira makina awo ometera ndevu, anakawabisa m'lole ndipo mpaka lero amametera momwemo.

Ine ndinadandaula za ambulera, koma alamu ako anandiletsa. Anati ndiwasiye, galu wamkota sakandira pachabe. Ndinawafunsa kuti akumutcha galu ndani, iwo n'kuthawira kubafa.

Kenaka anafika pa ine. Anandipempha chopondera cha makina anga akale amagetsi, kuti mota aziiyatsa ndi phazi. Anandipemphanso masingano othyoka amene ndimaponya m'kachitini. Amatenga singano, n'kuinola pamwala mbali ziwiri mopendeketsa, mpaka ikhale ndi timano todula. Zonse anazimanga pa thabwa: njanji yoimirira, mota pa njanjipo, kamtengo kokokera pansi, sipuling'i yobwezera m'mwamba. Dzanja labwino ligwire bolodi, lodwalalo lingokoka kamtengo. Anati linjenjemere mmene lingathere, njanji imadziwa njira imodzi yokha.

Panatsala kuwotcherera mawaya awiri ku mota. Apo anati sangathe, timalo take n'tating'ono, ndiye anandiitana. Ine chibadwire sindinagwirepo chowotcherera, paja ntchito imeneyo ankaphunzitsa iwe. Anandiuza kuti waya wofiira apite kumanja, wakuda kumanzere, iwo n'kupita kukamwa mankhwala. Ndinawotcherera bwinobwino, osadontheza, mpaka kudzitama mumtima.

Madzulo ake tinasonkhana ngati tikutsegulira fakitale. Bambo anavala magalasi, n'kuponda. Mota inalira mokoma. Anakoka kamtengo, singano inafika pa bolodi, koma m'malo moboola inkangopukusa pamwamba. Anakanikiza, panatuluka kautsi ndi fungo la chinthu chopserera. Anasintha singano, chimodzimodzi. Yachitatu inathyoka n'kudumphira pansi pa tebulo.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangovula magalasi, n'kuyang'ana dzanja lawo lamanzere nthawi yaitali, kenaka anati munthu akatha watha. Analowa kuchipinda osadya. Mmawa mwake anabwerera pampando paja, maso ku khoma. Mtima wanga unasweka kuposa poyamba, chifukwa tsopano ndinali nditawaona akubwerera, ndipo ndinkawaona akupitanso.

Ndinalephera kupirira. Ndinasiya zosoka n'kukakhala pa chiboolerocho, osadziwa n'komwe chimene ndikufuna. Ndinangoponda kuti ndimve kulira kwake. Paja ine ulusi sundichoka pa zovala. Kaulusi koyera kanachoka pa mkono wa bulauzi n'kukodwa pa kachidutswa ka singano kotsala pa mota, kanayamba kukulungika. Ndinakuwa poopa kuti chindikoka. Bambo anatembenuka. Anandiuza kuti ndipondenso pang'ono, ndisachotse ulusiwo. Anadzuka, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda mota.

Anandifunsa kuti powotcherera paja mota ndinaigwira bwanji. Ndinawaonetsa: ndinaitembenuza, kumbuyo kukhala kumaso. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati nanga pali chinthu chimene munthu amalumikiza osachitembenuza? Diresi timasokera kunsi, thalauza timasokera kunsi, msoko uzibisika. Manja anga anangochita zimene amachita tsiku lililonse.

Iwe, bambo anaseka! Anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, akumenya tebulo ndi dzanja lodwala lomwelo. Akuti potembenuza paja kumanja kunasanduka kumanzere, mota inkazungulira chobwerera, ndipo timano ta singano tinkangosisita bolodi ndi msana. Akuti usiku wonse anakhala akutukwana dzanja losalakwa, pamene wolakwa ndi telala amene anasoka mota ngati siketi. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwabwera alendo.

Ndinasinthanitsa mawaya aja iwo atandiimirira pamutu. Anaika singano ina, anaponda, anakoka, singanoyo inangoti tswii, n'kutulukira kuseri. Anakweza bolodi kuloza kuwindo, kuwala kunadutsa pa kabowo koyera bwino, kozungulira. Anaboola kena, kena, kenanso, dzanja likunjenjemera pa kamtengo koma singano ikutsika mowongoka. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha kuwonjezera.

Pano nyumba yasanduka shopu. Mmawa sindidzutsidwanso ndi alamu ya foni, ndimadzuka ndi kulira kwa mota. Fumbi la mabolodi lili ponseponse, mbale yanga yapulasitiki anaisandutsa yoviikamo mankhwala, ndipo amandikalipira ndikasuntha zinthu zawo posesa. Sindinkadziwa kuti munthu ungasangalale chonchi pokalipiridwa.

Bolodi yoyamba sanandiuze kuti ndi ya chiyani. Dzana anandithamangitsa pamakina kuti ndikawaphikire tiyi. Pobwera ndinapeza amangirira kanyale ka timababu ting'onoting'ono pamwamba penipeni pa singano ya makina anga osokera, kamene kamayaka kokha m'chipinda mukayamba mdima. Anati atopa kundiona ndikutsinzinira polowetsa ulusi. Ine ndinkaganiza kuti miyezi yonse ija ankayang'ana khoma, osadziwa kuti ankayang'ananso ine.

Ndili chiimire ndi kapu m'manja, iwo anayamba kulongedza zida zawo m'bokosi, osandiyang'ana. Kenaka ananena ngati akunena za nyengo. Anati ndikamakulembera ndikuuze kuti galimoto ija usavutike kubwereka, katundu wawo wachuluka tsopano, sangakwanemo. Anatinso ngati ndikadali wotopa ndinene, sadzandiimba mlandu, koma iwo akanakonda kutsala pamene pali masingano othyoka.

Mlongo wanga, ankadziwa. Foni ija anaimva yonse, ndipo nthawi yonseyi anangosunga mumtima osatifunsa. Manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Ndinaika kapu pansi, n'kugwada pafupi ndi mpando wawo, ndikulira ngati kamwana. Ndinawauza kuti sapita kulikonse. Iwo anandisisita kumutu ndi dzanja lonjenjemera lija, n'kunena kuti ndidzuke, ndikudonthezera misozi pa bolodi yawo ndipo kopa sagwirizana ndi madzi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndine ndinakupempha kuti udzawatenge, ndine ndikubweza mawu anga. Ndikudziwa kuti unavutika kukonza chipinda, ndipo alamu anga anasoketsa makatani. Undipepesere kwa iwo, usandikwiyire. Kumapeto kwa mwezi ubwere ndithu, koma ubwere pa basi, ndi kachikwama ka m'manja, ngati mwana wodzaona bambo ake. Ukafika usayambe ndi kuwafunsa za mankhwala. Uwapemphe akuonetse mmene amaboolera, ndipo akakupatsa kamtengo kuti uyese, ulole akukalipire.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, uwauze kuti agogo awo akuwafunsa. Alamu ako akupereka moni. Bambo akuti moni wawo adzakupatsa okha pamaso, pakhomo pano. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetse bwino podzabwera.

Ndine mlongo wako wamkulu,
telala wa bambo.